Kalata Imene Ndinang'amba Pamaso pa Ankhoswe

1

Mwamuna wanga sakalipa. Amayi a kumpingo akamandiuza kuti ndinachita mwayi ndimangomwetulira, chifukwa iwo sanagonepo nyumba imodzi ndi munthu amene amakuyankha ngati akukulembera chiphaso cha kuchipatala. Ine ndine Belita, kwathu ndi kwa Chiwalo ku Phalombe, ndili ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, ndipo ndakhala pabanja miyezi isanu ndi iwiri. Banjali ndinachita kulipambana pa mlandu. Mudzi wonse umadziwa mmene mlanduwo unayendera, koma pali chinthu chimodzi chimene timachidziwa anthu atatu okha, ndipo ndichinena ndisanaike cholembera pansi.

Mayeso a Fomu 4 ndinalemba mu 1998. Ndinakhoza, koma osati mokwanira kuti dzina langa limveke pamodzi ndi osankhidwa kupita ku yunivesite. Sindinalire kwambiri. Ndinali ndi yunivesite yanga yoyenda ndi miyendo iwiri, dzina lake Dyson Sitima, wa mudzi woyandikana ndi wathu, amene anali m'chaka chachiwiri kumeneko. Pa Khirisimasi anandipatsa chikole pamaso pa amalume anga a Makina, amene anapalasa njinga kuchokera ku Fort Lister kudzamuona mnyamatayo. Iwo ndi amalume ake a Dyson, a Noah, mkulu wa mpingo, anagwirizana kuti chinkhoswe chidzachitika pa holide ya Ogasiti, nandolo atakhwima.

Kuyambira tsiku limenelo ine kwa Chiwalo ndinali mlendo. Thupi linkapita kumunda ndi amayi, mutu uli ku Blantyre, m'nyumba ya magetsi imene ndinali nditaisankhira kale makatani. Ndikabwerako ndinkagona pamkeka ndi mabuku achikondi othothoka zikuto amene ndinachoka nawo kusukulu. Atsikana amene ndinakula nawo anali atakwatiwa ndi asodzi a ku Chilwa, ankanunkha utsi wa matemba, ndipo ndinkawapatsa moni ndi nsonga za zala. Ndinkangoona kuti Ogasiti akuchedwa dala.

2

Pa Pasaka Dyson anabwera atavala tisheti yoyera yojambulidwa manja awiri akugwirana, ndipo sabata yonse sanaivule kupatula poichapa. Anati wapeza ntchito pasukulu pomwepo. Chinali chaka cha zisankho, ophunzira ankaswana milomo chifukwa cha zipani, ndiye bungwe lina linasankha ophunzira khumi ndi awiri nkuwaphunzitsa kwa masabata awiri kuti aziyanjanitsa anzawo. Ankawatcha amkhalapakati. Anawapatsa kachipinda kuseri kwa laibulale, mipando itatu, ndi kangachepe kogulira sopo.

Anandifotokozera titakhala pansi pa mtengo wa mango wa m'malire a munda wathu. Anati za zipani zinali zochepa. Ambiri ankabwera ndi nkhani za wailesi yobwerekedwa osapempha, za mnzako wogona naye chipinda amene amabweretsa chibwenzi iwe ukuwerenga, za simbi yositira imene wina waiwotcha. Okanganawo ankakhala uyu apa, uyu apo, iye pakati. Dzina la munthu silinkayenera kutuluka m'chipindamo.

"Mkhalapakati saweruza," anatero, akundiwerengera ndi chala ngati ndine wa Sitandade 2. "Chigamulo chimayenera kuchoka pakamwa pa mwini nkhani. Ine changa ndi kumuthandiza kuti achinene yekha."

Ndinamuyang'ana ngati ndikuona bishopu. Lero ndikamakumbukira mmene ndinkagwedezera mutu, ndimafuna kubwerera pansi pa mtengo uja nkudziomba khofi.

Tsiku lotsatira mbuzi za oyandikana nafe zinalowa m'nandolo wa amayi. Amayi anaima pampanda nkuyamba kuzitchula mbuzizo ndi eni ake omwe m'Chilomwe, mmene amachitira chaka ndi chaka, ndipo aliyense amadziwa kuti pofika madzulo amakhala akubwerekana mchere. Koma Dyson sakanalola mkangano kudutsa osaugwira. Mnyamata amene mawa lake akhala mkamwini, woyenera kukhala patali nkumayankhula nkhope itayang'ana kumbali, anapita kukaima pamaso pa amayi, nkuwayang'ana m'maso mmene anamuphunzitsira, nkunena mofatsa kuti akumva kuti akhumudwa, ndipo kodi angakonde kukhala pansi kuti afotokoze mmene zawakhudzira.

Amayi anasiya mawu ali pakati, anatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje, nkulowa m'nyumba chamsana. Dyson atapita, amayi anandiitana.

"Mnyamata wakoyu kusukuluko akumudyetsa chiyani? Wandiyang'ana m'maso ngati akufuna kundichotsa chitsotso."

Ndinawauza kuti zinthu zinasintha, kuti ano ndi masiku okambirana. Mumtima ndinawamvera chisoni chifukwa cha umbuli wawo. Sindinaone kuti Dyson anali atasiya kunditsina tsaya, atasiya kundinyoza za miyendo yanga yopyapyala. Ndikadandaula kuti makalata ake afupika, ankangondibwezera mawu anga omwe: ukutanthauza kuti ukufuna ndizilemba zambiri. Ine ndinkati ndi mmene amakondera anthu ophunzira.

3

Atabwerera kusukulu makalata anatalikadi. Ankabwera kudzera m'thumba la sukulu ya pulayimale ya kwathu, ndipo Lachisanu lililonse ndinkakhala pakhonde la ofesi ya ahedi mpaka iwo anayamba kundiseka kuti andilembe ntchito ya ulonda. M'makalatamo munkakhala nkhani za m'kachipinda kaja, mayina atasintha. Ankandilembera mkangano wonse nkufunsa maganizo anga, ine nkuweruza mopanda chifundo: uyu ndi wakuba, uyu ndi wansanje, uyu amubweze kwawo. Iye ankayankha kuti ndili ndi mutu, kuti ndikanakhala kumeneko ndikanawaposa onse khumi ndi awiri. Mawu amenewo ndinkawawerenga mpaka pepala kufewa.

Pakati pa Juni panabwera kalata ya tsamba limodzi.

"Wokondedwa Belita, pali nkhani imene yandimana tulo. Pali mnyamata wina, timutche Frank. Kwawo anapereka kale chikole kwa mtsikana wabwino, koma kuno wapereka mimba kwa mtsikana wina, ndipo akuti mtima wake uli kwa wa kunoyu. Akuopa makolo, akuopanso kumupweteka wakumudziyo. Ukanakhala iwe mtsikana wakumudziyo, ukanafuna kuti Frank atani? Ulembe momasuka."

Sindinadikire kukafika kunyumba. Ndinapempha mapepala kwa ahedi nkulemba pakhonde pomwepo, masamba anayi. Ndinati chikondi si mbuzi yoti uimangirire pachikhomo. Ndinati mkazi wokakamira mwamuna amene mtima wake unachoka ali ngati nkhupakupa pa khutu la galu. Ndinati mtsikana wakumudziyo asunge ulemu wake, amumasule Frank ndi manja awiri, amudalitse iye ndi mwana wake, abweze chikole osagwetsa msozi ngakhale umodzi. Ndinalemba mawu okoma amene sindinalembepo chibadwire, ndipo zimene zinali mumtima mwanga polembapo ndizisunge kaye.

Yankho silinabwere. Juni anatha, Julaye analowa ndi chiperoni chake, phiri la Michesi osaoneka masiku atatu atatu. Ndinasiya kupita kwa ahedi, ndinayamba kupita kumsewu. Matola aliyense akaima ndinkayang'ana otsika mmodzimmodzi, nditadzola mafuta, nditavala diresi ya Lamulungu Lachiwiri masana. Amayi anandifunsa ngati ndayamba ntchito yoitanira galimoto.

4

Sabata yoyamba ya Ogasiti kunabwera uthenga wochokera kwa a Noah woti afika Loweruka, koma tisaitane anthu ndipo tisaphike zambiri, chifukwa akubwera kudzakambirana. Amayi atamva mawu oti kukambirana anatumiza uthenga ku Fort Lister tsiku lomwelo. A Makina anafika Lachisanu, fumbi mpaka m'nsidze.

Loweruka cha m'ma teni tinawaona akubwera m'njira ya pakati pa chinangwa. Patsogolo panali a Noah akukankha njinga, maso ali pansi ngati akusaka singano. Pambuyo pawo Dyson, ndi tisheti yake ija. Ndipo pambuyo pa Dyson panali mtsikana.

Anali wamfupi, woyera pang'ono, tsitsi loluka lofika m'mapewa, nsapato za gogoda zimene zinkamira m'fumbi pa phazi lililonse. M'manja ananyamula botolo la madzi ake, ngati kwa Chiwalo kulibe mjigo. Mimba inali itatulukira bwino pansi pa bulauzi. Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi kufuna chimene Dyson anaona, ndipo mpaka lero sindinachipeze.

A Noah anauza a Makina motsitsa mawu kuti iwo sanadziwe za mlendoyo, kuti anangomupeza pamsewu ataima ndi mphwawo. Dyson ndiye anafotokoza yekha, mosachita manyazi ngakhale pang'ono. Anati uyu ndi Peggy, wa ku Limbe, wophunzira mnzake, ndipo wamubweretsa chifukwa nkhani siikambidwa bwino mbali imodzi palibe. Taganizani, owerenga. Munthu kunyamula mkazi amene wamupatsa mimba kuchokera kutauni, kumukweza matola, kudzamuimika pabwalo la amayi a chibwenzi chake, chifukwa choti pamaphunziro a masabata awiri anamuuza kuti mbali zonse zimveke.

Sizinathere pomwepo. Pakhomo pathu pali mipando itatu yokha ya alendo. Dyson anaitenga pakhonde, anaika umodzi apa nkulozera Peggy, wina apo nkulozera ine, wachitatu pakati nkukhalapo yekha. Akuluakulu awiri anatsala ataima, amayi ali pakhomo la khitchini manja ali kumutu.

A Makina sanakweze mawu. Anapita nkugwira mpando umene Dyson anakhalapo, nkuupendeketsa pang'onopang'ono mpaka mwiniwake anaimirira.

"Mwini mlandu sakhala pakati, mwana iwe. Khala pansi apo."

Anakhala pamkeka, mawondo m'mwamba, ngati mwana wogwidwa akuba nzimbe.

5

Atapatsidwa mpata Dyson anayamba ndi kuthokoza aliyense chifukwa chobwera, ngati pakhomo pathu ndi pake. Anati sakufuna kuti wina aliyense aimbidwe mlandu. Anati zimene zachitika zachitika, ndipo chosangalatsa nchakuti njira yothetsera nkhaniyi inapezeka kale, ndipo anaipereka ndi Belita mwiniwake. Anapisa dzanja m'thumba nkutulutsa kalata yanga.

Anafotokoza za Frank, kuti Frank ndi iyeyo, nkuyamba kuwerenga. Mbuzi ya pachikhomo anaiwerenga. Nkhupakupa anaiwerenga, akumasulira bwinobwino mawu a Chingerezi amene ndinasakanizamo kuti amayi amve. Atafika pamapeto a tsamba lachiwiri, pamene ndinati amumasule ndi manja awiri, a Makina anakweza dzanja kuti aime.

Anandifunsa ngati kalatayo ndinalemba ndine. Ndinavomera. Kenako anandifunsa funso limene nkhani yonse inatsamirapo.

"Polemba zimenezi, unkadziwa kuti Frank ameneyu ndi Dyson?"

Misozi inabwera yokha, sindinachite kuiitana.

"Sindinadziwe, malume. Amanditumizira nkhani za anzake nthawi zonse. Ine ndinkayesa ndikumuthandiza pa ntchito yake."

A Noah anatulutsa magalasi m'thumba la jekete nkutambasula dzanja kuti Dyson awapatse kalatayo aione okha. Ine ndinadumpha pampando, ndinaitsomphola isanafike m'manja mwawo, ndinaing'amba pakati, pakatinso, mpaka tizidutswa, nkuthamanga kukatiponya m'khola la mbuzi mmene munali matope. Palibe anandiletsa. Onse anaona mtsikana wolakwiridwa amene mkwiyo wamupitirira.

Nditabwerera ndinamasula chikole chija pamkono. Inali wotchi yaing'ono ya lamba wofiira. Ndinaiika pamkeka pamaso pa Dyson nkunena kuti ngati ndi imeneyi akufuna, atenge. Peggy anaiyang'ana wotchiyo, anandiyang'ana ine, kenako anatembenukira kwa Dyson nkumudikira. Dyson ankayang'ana zala za kumapazi kwake.

A Makina anati munthu ukamumanga m'maso nkumupatsa chikwanje kuti dula apa, iye nkudula nthochi yake yomwe, wadula nthochiyo ndi iwe wamumanga m'masowe. A Noah ndiwo anapsa mtima kwambiri. Anati mimba ndi tchimo, koma ndi tchimo limene anthu amalidziwa ndipo lili ndi njira zake. Koma kumunyenga mwana wa eni kuti adzikane yekha ndi dzanja lake, umenewo ndi ufiti wa cholembera, ndipo iwo sangalole kuti mtundu wawo udziwike ndi zimenezo. Mawu amene anaperekedwa pa Khirisimasi akhala momwemo. Mwana akabadwa ndi wa kwa mayi ake monga mwa nthawi zonse, Dyson azimuthandiza, ndipo iwo apita okha ku Limbe kukagwada kwa makolo a mtsikanayo. Chinkhoswe anachisunthira ku Okutobala.

A Makina anatola wotchi nkundibwezera m'manja. Kenako anamufunsa Dyson ngati ali ndi mawu. Dyson anati wamva maganizo a onse ndipo akuthokoza.

Peggy anaimirira. Anavula gogoda zake nkuzinyamula m'manja, anapita pakhomo la khitchini, anagwada bwinobwino ndi mimba yakeyo nkutsanzikana ndi amayi, zimene zinandinyansa kuposa china chilichonse tsiku limenelo. Podutsa pamene ndinaima anayankhula motsitsa, kuti ndimve ndekha.

"Kalata yanu ndinaiwerenga, achemwali. Masamba onse anayi."

Dyson sanaloledwe kumuperekeza. A Noah ndiwo anamukweza Peggy pakaliyala ya njinga mpaka kumsewu.

6

Ntchito ija inamuthera Dyson mwezi wotsatira. Zinadziwika kuti Peggy sanali mnzake wa m'kalasi ayi. Anakumana m'kachipinda komwe kaja, Peggy atabwera kudzadandaula za mnzake wogona naye chipinda, ndipo mkhalapakati wathu anapitiriza kumumvetsera mpaka kunja kwa ofesi. Malamulo awo ankaletsa zimenezo. Anamulanda tisheti. Peggy anasiya sukulu nkubwerera kwa makolo ake. Ine nditamva zonsezi ndinapita kwa telala kukayeza diresi.

Chinkhoswe chinali chachikulu, chifukwa aliyense ankafuna kuona mnyamata wa ufiti wa cholembera. Tinabwereka wailesi ya mabatire a galimoto, amayi anafulula thobwa migolo iwiri, atsikana aja a matemba anabwera kudzavina ndipo ndinawalola kundigwira diresi.

Itakwana nthawi, anatitenga atatu, ine ndi asuweni anga awiri, anatifunditsa zitenje zofanana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nkutitulutsa pabwalo kuti mwamuna aloze wake. Ndi masewera chabe, aliyense amadziwa. Mwamuna amazungulira, amayerekeza kulakwitsa, anthu nkuseka, kenako nkuvundukula woyenera. Ine pansi pa chitenjecho ndinkatuluka thukuta, chifukwa mphindi imeneyi ndinali nditailota kuyambira Fomu 2.

Dyson sanazungulire. Sanayerekeze kulakwitsa. Ndinaona nsapato zake zikubwera molunjika nkuima patsogolo panga, ndipo anaima pamenepo nthawi yaitali mpaka azimayi anayamba kumukuwiza kuti kodi wamuiwala. Anawerama ngati akufuna kusuzumira, pakamwa pake pafupi ndi khutu langa, nsalu ili pakati pathu.

"Tsamba lachitatu sindinalitchule chifukwa munali mukulira, amayi anu akukuonani. Ndimafuna mudziwe zimenezo tisanayambe."

Kenako anavundukula chitenje. Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. A Noah anapereka tambala, a Makina anapereka msoti, anatipatsa khasu, nkhwangwa ndi lichero, ndipo ine ndinamwetulira pa chithunzi chilichonse.

7

Tsopano ndinene.

Ndinadziwa. Ndinadziwa ndisanamalize mzere wachitatu wa kalata yake, nditaima pakhonde la ahedi. Dyson sanasowepo tulo chifukwa cha nkhani ya munthu wina. Makalata ake onse ankakhala ndi nthabwala, iyi inalibe. Ndipo mawu oti mtsikana wabwino ndi amene ananditchula nawo pamaso pa amalume tsiku la chikole. Koma m'malo mokwera matola kupita kukamufunsa maso ndi maso, ndinakumbukira mabuku anga.

M'mabuku amenewo mkazi akamumasula mwamuna ndi mtima woyera, mwamunayo ndi pamene amatseguka maso. Amawerenga kalata, manja amanjenjemera, amasiya zonse nkuthamanga kubwerera kwa amene anamukonda mpaka kumulola kupita. Ine ndinafuna kukhala mkazi ameneyo. Ndinalibe kudekha koti ndimenye nkhondo ya miyezi, ndinafuna kupambana ndi kalata imodzi. Ndipo kuti Dyson asakayike kuti ndazindikira, kuti aone kukula kwa mtima wanga, pa tsamba lachitatu ndinalemba dala kuti mtsikanayo abweze wotchi ya lamba wofiira ngakhale inamukwana bwino pamkono. M'kalata yake munalibe wotchi. Munali mawu oti chikole basi.

Dyson anawerenga, anaona kuti ndadziwa, nakhulupirira kuti ndamumasuladi. Munthu wake ndi wotero. Anamuphunzitsa kuti chimene mwini nkhani wanena ndi pakamwa pake ndicho chigamulo, ndipo sizinamufikire m'mutu kuti mkazi akhoza kulemba kuti pita akutanthauza kuti bwera msanga. Anayamba ndi chinyengo, inde, chifukwa analibe chiwindi chondiuza yekha. Koma pofika pabwalo pathu sankanama. Wonama ndinali ine, ndipo umboni ndinaudyetsa mbuzi.

Lero Dyson ali m'chaka chomaliza. Akabwera pa holide amakhala m'kanyumba kamene anamanga kuseri kwa amayi, amalima, amatema nkhuni, ndipo anaphunzira kuyang'ana kumbali akamayankhula ndi apongozi ake. Ine amanditchula kuti inu kuyambira tsiku la chitenje lija. Mwana anabadwa mu Disembala, wamkazi. Akafuna kupita ku Limbe amandiuza kudakali sabata, nkundifunsa mmene ndikumvera pa nkhaniyo. Tsiku lina ndinamugenda ndi kapu kuti mwina akalipe. Anaitola, anaitsuka, nkundifunsa ngati ndingakonde kuti tikambirane.

Anthu akanadziwa akanati ndi woyera mtima. Ine ndimamuona munthu amene anaona kuti nkwabwino kuwononga moyo wa anthu anayi kusiyana ndi kunena chiganizo chimodzi chowawa pagulu. Akanangoti amalume, akunama, funsani za wotchi, bwenzi ndikumulemekeza mpaka lero, ngakhale ali kwa wina. Peggy naye ndimamunyoza, chifukwa anali ndi pakamwa koma anasankha kudikira kuti mwamuna amumenyere nkhondo, ndipo ataona kuti sizikuchitika ananyamula nsapato zake nkumapita monyada. Amalume awiri aja amakambabe za chiweruzo chawo pa maliro aliwonse ngati anagwetsa njovu. Koma pa onsewa palibe amene ndimamuyang'ana ndi diso loipa ngati mtsikana amene ndimamupeza pagalasi m'mawa, amene anafuna kusankhidwa ndi misozi koma anangomveredwa chisoni.

Atsikana anzanga amene mwamaliza sukulu ndipo mwakhala pakhonde kudikira kalata, ine si woyenera kukulangizani. Chimene ndingakuuzeni nchakuti munthu akakufunsani za Frank, mufunseni kuti Frank ndi ndani, pompo, ndi mawu oipa ngati nkotheka. Ulemu umene ndinavala m'kalata muja sunali wanga, ndinachita kubwereka, ndipo tsiku lofunika kuuvala pagulu sunandikwane.

A Makina sawerenga magazini, koma aphunzitsi oyandikana nawo amawerenga, ndipo sasunga nkhani. Akamva kuti anaweruza pa bodza la mphwawo adzapalasa njinga tsiku lomwelo, adzaitana a Noah, ndipo mfundo imene anamanga adzaimasula, chifukwa ndi anthu otero. Amayi mwina sadzandiyankhula mpaka mvula. Zonsezi ndaziganizira, ndipo envelopu yotumizira nkhaniyi ku magazini ndamata kale sitampu kuti ndisabwerere m'mbuyo. Pamenepo Dyson adzatsala yekha, popanda amalume omusankhira, popanda ine womulembera yankho, ndipo adzayenera kutsegula pakamwa nkutchula dzina limodzi. Mwina litchulidwa la ku Limbe. Mtima wanga wopusawu ukunong'onabe kuti mwina litchulidwa langa. Lililonse litchulidwe, bola alitchule yekha, ndipo inu owerenga musandilembere kuti ndidikire nthawi ichize zonse. Ndaona kale mmene amakhalira munthu wofatsa akapatsidwa nthawi.